Kabuku ka Ana Kamene Kanatsala Pang'ono Kundilanditsa Dimba

Munthu akadzakuuzani kuti buku lakutilakuti ndi labwino, mudzayambe mwamufunsa kuti limatha bwanji. Mukadzaona akukanda m'mutu, mudzadziwe kuti mwakumana ndi mnzanga. Ine chaka chatha ndinatsala pang'ono kulandidwa dimba, nthochi zanga zonse, ndi kaulemu kamene ndinakatolera kwa zaka khumi ndi zinayi za chikamwini, chifukwa cha kabuku ka ana kamene ndinangowerengako mitu itatu.

Ndiyambe ndi kudziulula. Kuwerenga ndinaphunzirira ku Malawi, nthawi imene makolo anga anathawirako nkhondo, ndipo pobwerera ndinabwera ndi Chichewa cha m'mabuku pamodzi ndi kamtima kodzimva. Kwathu ndi kufupi ndi Mandimba, koma ndinakwatira ku Ngauma, ndipo monga mwa mwambo ndinakamanga kwa mkazi wanga Lusiya. M'mudzimo amanditcha aphunzitsi, ngakhale sindinaimepo kutsogolo kwa kalasi ndi tsiku limodzi lomwe. Ntchito yanga yauphunzitsiyo ndi kuwerengera anthu zolembedwa pa mabotolo a mankhwala a mbewu ndi mauthenga a pafoni. M'thumba la malaya anga simusowa cholembera (chinauma inki kalekale, koma ndani amafufuza zimenezo?).

Tsono dimba. Lili m'mbali mwa kamtsinje kosaphwa, ndipo nditafika linali bango lokhalokha. Ndinalisweramo thukuta, ndinakumba ngalande, ndinabzala nthochi, nzimbe, matimati ndi kabichi, moti ana anga amavala ndi kupita kusukulu chifukwa cha dimba limenelo. Koma nthaka si yanga. Ndi ya mbumba ya mkazi wanga, ndipo mwini mbumba ndi malume ake, Che Bonomali. Iwo atangoti lero mkamwini achoke m'dimbamo, ndingotuluka ndi khasu langa paphewa, nthochi n'kutsala zikundiyang'ana.

Musaganize kuti Che Bonomali ndi munthu woopsa. Ndi nkhalamba yosekaseka, yopatsa, yokonda kuyamikiridwa monga tonsefe. Ndiwonso pulezidenti wa bungwe lathu la alimi a nandolo. Ali ndi zizolowezi zitatu zimene mwana aliyense m'mudzimo angakutchulireni. Savula jekete, ngakhale dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Kiyi wa nyumba yosungira mbewu amamangirira pachingwe m'khosi. Ndipo akaimirira pamsonkhano, mawu awo oyamba amakhala akuti, "Ine udindo sindiufuna." Anali ataukana chomwecho udindowo kwa zaka zisanu ndi zinayi, osausiya.

Mu Seputembala ndinapita ku Cuamba kukagula labala ya pampu yanga yopondaponda. Pafupi ndi siteshoni ya sitima ndinapeza bambo wina atayala mabuku akale pachiguduli, pakati pa wogulitsa malamba ndi wogulitsa mbatata yowotcha.

"Awa abwera pa komboyo, sitima yathu ija, kuchokera ku Malawi kudzera ku Entre Lagos, bambo," anatero ataona cholembera changa. "Chinyanja chenicheni cha m'buku. Inu mukuoneka kuti ndinu profesori."

Munthu akakutchula profesori pagulu, sungachoke chimanjamanja. Ndinatola kabuku kena kofufuma ngati kanagonapo pamvula. Chikuto chake chinali chong'ambika chakumtunda, moti dzina la bukulo ndi la mlembi wake sindikuzidziwa mpaka lero. Chimene chinatsala ndi chithunzi cha kamtsikana kakukoka mbuzi pafupi ndi nkhokwe.

"Limanena za chiyani?" ndinafunsa.

"Za ana ndi ulimi. Labwino zedi."

Sindinamufunse kuti limatha bwanji.

Ndinayamba kuliwerenga mu shapa, minibasi yathu ija, titangotuluka mu Cuamba. Abale anga, bukulo linali lokoma. Linkanena za kamtsikana dzina lake Ndaziona, kamene kankaweta mbuzi za amayi ake ndi kuingitsa mbalame m'munda wa mapira. Mlembiyo ankadziwa munda. Ankadziwa fungo la nthaka mvula yoyamba ikagwa, ankadziwa kuti mbuzi yoyamwitsa siimangidwa pafupi ndi chinangwa. Mumutu wachiwiri munatulukira wapampando wa bungwe la alimi, Bambo Chimtengo, munthu wabwino amene anakumbitsa chitsime ndi kubweretsa mbewu yatsopano. Ndipo tamverani izi. Bambo Chimtengo sankavula jekete. Kiyi ankamangirira m'khosi. Ndipo pamsonkhano ankayamba ndi kunena kuti udindo saufuna. Ndinaseka ndekha mpaka mayi amene anandisenzetsa dengu la nsomba zouma pamiyendo anandiyang'ana cham'mbali.

Nditamaliza mutu wachitatu, tulo tinandiba. Ndinadzidzimuka tili pa Mandimba, kondakitala akundigwedeza phewa. Nditafika kunyumba ndinatsomeka bukulo kudenga, n'kunena mumtima kuti ndilimaliza mawa. Mawa limenelo mukulidziwa.

Inali nyengo yosankha nandolo. Loweruka lililonse mamembala a bungwe amasonkhana pabwalo la nyumba yosungira mbewu, n'kuyala mikeka, kupeta ndi kuchotsa nandolo wofumbwa galimoto la ogula lisanabwere. Ndi ntchito yotopetsa msana, ndipo amayi amabwera ndi ana, amene ntchito yawo ndi kuthamangitsana pamwamba pa matumba. Tsiku lina madzulo ndinapeza malume akudandaula za ana amenewa, kuti aboola matumba awiri.

Apa m'pamene ndikanatseka pakamwa. Koma mkamwini akaona mpata wokondweretsa mwini mbumba, nzeru zimathawira kumapazi.

"Malume, ine ndili ndi mankhwala ake," ndinatero nditanjuta. "Ndagula buku la ana ku Cuamba, la nkhani ya kumunda. Tereza aziwawerengera anzake, akhala phee ngati ali m'tchalitchi."

Tereza ndi mwana wanga woyamba, wa zaka khumi ndi chimodzi. Kusukulu amaphunzira m'Chipwitikizi, koma Chichewa ndinamuphunzitsa ndekha, ndipo amawerenga momveka ngati wa pawailesi.

"Mulibe zolaula m'menemo?" malume anafunsa. "Mwaliwerenga inuyo, aphunzitsi?"

"Lonse, malume. Kawiri."

(Kawiri ameneyo sindikudziwa kumene anachokera. Palibe anandipempha.)

"Ndiponso," ndinapitiriza, poti pakamwa panali patatseguka kale, "muli pulezidenti wa alimi m'menemo. Ndinu ndithu, malume. Jekete, kiyi, kayankhulidwe, mtima wake womwe. Ngati kuti mlembiyo anakhalapo nanu nyumba imodzi."

Nkhope ya nkhalamba ija inawala. Anagwira kiyi wa m'khosi uja n'kumusisita. Ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati munthu amene wabzala nthochi panthaka yakeyake.

Ndisaiwale kunena kuti chisankho cha bungwe chinali chitatsala milungu itatu, ndipo kwa nthawi yoyamba malume anali ndi wopikisana naye, Mayi Asiyatu, mayi wamasiye wolima kwambiri ndiponso wosaopa munthu. Kwathu timavota ndi njere za chimanga. Aliyense amalandira njere imodzi, n'kupita kuseri kwa mkeka woimika, n'kukaiponya m'chitini cha munthu amene akumufuna. Sungani zimenezi.

Loweruka loyamba, malume anakwera pabokosi la sikelo n'kuomba m'manja.

"Ine udindo sindiufuna," anayamba motero mwa chizolowezi, "koma lero tili ndi buku. Mkamwini wanga, aphunzitsi awa, aliwerenga lonse kawiri. Iwowa akuti pulezidenti wa m'bukumu ndine ndendende, mpaka mtima womwe. Ine sindinanene, anena ndi iwo. Mumve nokha."

Tereza anawerenga mitu itatu ija. Ana anakhala pansi kukamwa kuli yasa, akuluakulu manja ali pa nandolo makutu ali kubuku. Atafika pa jekete anthu anaseka ndi kuloza malume, iwo n'kumakonza kolala. Atafika pa chitsime, amayi ena analuluta (chitsime cha m'mudzi mwathu sanakumbitse ndi malume, koma tsiku limenelo palibe anakumbukira). Ine anandiitanitsira mpando. Zaka khumi ndi zinayi ndikukhala pathumba, tsiku limenelo ndinakhala pampando wotsamira, pafupi ndi mwini mbumba. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Loweruka lachiwiri ndinachedwa kudimba, pampu inkavuta. Pofika ndinapeza anthu achuluka kuposa sabata yatha, ena oti si mamembala n'komwe, ataimirira m'mbali ndi njinga zawo. Chinandidabwitsa ndi bata. Palibe amene ankapeta. Kunkangomveka mawu a mwana wanga, oyera ngati belu, akuwerenga mutu wachisanu.

Ndinaima kumbuyo ndikumwetulira. Kumwetulirako kunatha pang'onopang'ono.

Ndaziona uja anali atalowa m'nyumba yosungira mbewu kufunafuna kamwana ka mbuzi kosochera, ndipo anabisala kuseri kwa matumba. Ali pomwepo anaona Bambo Chimtengo akupatula mbewu. Yabwino ankaikira achibale awo ndi amene analonjeza kuwavotera, yofumbwa ankaikira otsutsa. Kenaka anavula jekete, n'kutulutsa singano, n'kuyamba kusoka kathumba m'kati mwa mkono wa jeketeyo, koti adzabisemo njere za chimanga pa tsiku la chisankho.

Njere za chimanga. Anthu a m'bukumo nawonso ankavota ndi njere za chimanga.

Ndinaona mitu yonse pabwalopo ikutembenuka pamodzi, pang'onopang'ono, kuyang'ana mkono wa jekete ya malume. Malume anali atakhala chowongoka, maso ali kutsogolo, thukuta likutsika m'masaya. Mpando wanga unali pambali pawo, wopanda munthu.

"Aphunzitsi afika," anatero Mayi Asiyatu, mawu ali ofewa ngati akupereka moni wa pamaliro. "Tatikumbutsani, aphunzitsi. Paja munati ameneyu ndi ndani?"

Wina anatsamwa ndi phwete.

"Mwanayu watopa," ndinatero. "Tereza, tseka buku, pakhosi pauma."

"Sindinatope, bambo," anayankha mwana amene ndimamudyetsa ndi matimati a m'dimba lomwelo. "Apa m'pamene pakukoma."

"Musiyeni mwana awerenge," malume anatero osandiyang'ana.

Anawerenga mpaka kumapeto kwa mutu wachisanu ndi chimodzi, pamene Bambo Chimtengo anauza anthu kuti chisankho chiyambe chaima chifukwa makoswe adya ndandanda ya maina. Ine nthawi yonseyo ndinali nditanjuta pafupi ndi mulu wa nandolo wofumbwa, ndikusankha nandolo amene anali atasankhidwa kale. Anthu atabalalika, malume anadutsa pafupi nane. Ndinawapatsa moni, anayankha ndi mphuno.

Lolemba zinthu zinaipiraipira. Masanasana, anthu ali m'makonde, mchemwali wa Mayi Asiyatu anadutsa pakati pa mudzi atanyamula tambala wamkulu wofiira, akufunsa mokweza aliyense amene wakumana naye kuti kwa aphunzitsi ndi kuti (nyumba yanga amaidziwa bwinobwino, anabwerekapo mtondo kangapo). Atafika anagwada.

"Akuti zikomo chifukwa chotitsegula m'maso. Akuti sankadziwa kuti muli mbali yathu."

"Ine sindili mbali ya munthu," ndinatero.

"Eya, tikumvetsa. Mkamwini sanganene poyera."

Ndinakana tambalayo, iye anamusiya pakhonde n'kumapita. Tambalayo analira masana onse, kulengeza.

Lachiwiri m'mawa ndinapeza Saide, mwana wa mlongo wa malume amene wakhala akulisirira dimba langa kuyambira kale, akuyendayenda m'mphepete mwa ngalande manja ali kumbuyo. Anagwira mkoko wa nthochi n'kuuyeza kulemera ndi dzanja. Anandipatsa moni waulemu kwambiri, ndipo ulemu umenewo unandiopsa kuposa chipongwe. Madzulo ake uthenga unafika: malume akundifuna Lachinayi, tikakambirane za dimba.

Ndinaopa, ndisaname. Ndinakhala pakhonde ndikuganiza za ana anga, za zaka zimene ndinazula bango ndi manja, ndi za mmene ndingabwererere ku Mandimba ndi khasu, pampu, ndi tambala wa eni ake. Lusiya sanandikalipire. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Ankangodutsa uku ndi uku akugwira ntchito zake, n'kumapuma mozama akafika pamene ndinali.

Lachitatu masana ndinamumva akufunafuna chinthu m'khichini.

"Tereza, mpeni wanga wodulira masamba uli kuti?"

"Uli m'buku, amayi."

"Mpeni ukutani m'buku?"

"Ndimatsegulira masamba. Ndi omatana. Kuyambira mutu wachinayi onse anagwirana ngati chigumu, ndiye ndimalowetsa mpeni pang'onopang'ono kuti asang'ambike."

Kenaka Lusiya anatuluka bukulo lili m'manja, n'kudzaima patsogolo panga. Analitsegula chakumapeto. Mitu itatu yomaliza inali idakali chibuma chimodzi, youma gwa, mmene inaumira itanyowa ndi mvula ya kaya chaka chiti.

"Bambo a Tereza," anatero, "munaliwerenga kawiri?"

Ndinayang'ana tambala.

"Munalowa bwanji m'katimu? Kapena muli ndi maso a mfiti?"

"Ndinawerenga mitu itatu," ndinatero chapansipansi. "Mu shapa. Kenaka ndinagona."

Ndinkayembekeza mkuntho. Koma mkazi wanga anakhala pansi pambali panga n'kuyamba kuseka, kuseka kosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka, mpaka anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiye mwapulumuka, wabodza inu," anatero. "Tereza, usatsegulenso tsamba ndi limodzi lomwe. Awa ndiwo mboni ya bambo ako. Mudzi wonse ukuti munakonza chiwembu chochititsa manyazi malume. Munthu sangakonze chiwembu ndi buku limene sanaliwerenge. Mawa mukawaonetse."

"Ndiye kuti ndikavomere kuti ndinanama?"

"Sankhani. Mukhale wachiwembu wopanda dimba, kapena wabodza wa nthochi zake."

Mukuganiza kuti ndinasankha msanga? Ndikuuzani zoona, poti ndayamba kale kudzivula. Ndinalingalira madzulo onse. Wachiwembu amaopedwa, anthu amati koma bambo aja ndi ozama. Koma aphunzitsi amene sanamalize kabuku ka ana! Ndikamawawerengera za pabotolo la mankhwala, adzandikhulupiriranso ndani? Chinandithandiza kusankha ndi Saide, amene anadutsa pamsewu akutafuna nzimbe yooneka ngati ya m'dimba langa.

Lachinayi ndinapeza malume ali pakhonde, jekete ili pathupi. Ndinanjuta patali, n'kukankhira bukulo kutsogolo ndi manja awiri.

"Malume, ndabwera kudzaulula. Bukuli sindinaliwerenge lonse. Ndinalekera pamene munthu uja anali wabwino. Taonani kumapetoko."

Analitola. Anayesa kutsegula masamba omatana aja ndi chala chachikulu, anakanika. Anayesa ndi chikhadabo. Analitembenuza, n'kulinunkhiza.

"Ndiye kuti simunandinyoze," anatero potsiriza. "Munangondinamiza."

"Eya, malume."

"Kawiri kaja?"

"Ngakhale kamodzi sikanakwane."

"Hmm. Bola." Anaika bukulo pabondo. "Mukudziwa, aphunzitsi, Loweruka lija nditafika kuno, mayi a m'nyumba muno anatenga kazako, jekete yangayi, ndili kosamba, n'kumapapasa m'mikono. Ndinawapeza. Munthu amene ndakhala naye zaka makumi anayi. Zimenezo zinandiwawa kuposa kuseka kwa anthu."

Apa manyazi anga anasanduka chisoni chenicheni. Nkhalambayi ili ndi zofooka zake, ndipo mbewu yabwino nthawi zina inkayambadi yafika kwa achibale (inenso ndinalandirapo, osafunsa). Koma njere m'jekete sanabisepo, ndipo amene anawaika pamoto ndine, ndi pakamwa panga pofuna mpando wotsamira.

"Pepani, malume. Ndalakwa kwambiri."

"Za dimba tikamba chisankho chikatha," anatero. "Koma Loweruka mudzaimirire pabokosi paja, mudzanene zimene mwanena panozi. Mukatero mudzatsegule masambawa anthu akuona, n'kuwerenga nokha mpaka kumapeto. Tereza apume. Tidzamve tonse limodzi, poti nonse ndi ine sitikudziwa zimene zili m'menemo."

Loweruka la chisankho kunabwera anthu ngati kuli mpira. Ndinakwera pabokosi la sikelo, buku kudzanja ili, mpeni wa Lusiya kudzanja linalo. Ndinanena zonse: Cuamba, shapa, mitu itatu, tulo. Ndinakweza bukulo m'mwamba kuti aone chibuma chija. Panali kaphokoso ngati ka njuchi, kenaka mayi wina wachikulire anafunsa kuchokera kumbuyo:

"Nanga za pabotolo la mankhwala a mbozi zija, munawerenga mpaka pansi?"

Ndinati eya. Sindikudziwa ngati anakhulupirira.

Ndinalowetsa mpeni, n'kutsegula mutu wachisanu ndi chiwiri, n'kuyamba kuwerenga. Mumtima ndinkapemphera kuti Bambo Chimtengo alape msanga. M'malo mwake munatulukira munthu watsopano, dzina lake a Gwedeza. A Gwedeza anali mkamwini m'mudzi wa Ndaziona. Ankayenda pambuyo pa wapampando n'kumavomereza chilichonse asanamve n'komwe. M'thumba la malaya awo munkakhala cholembera.

Ndinaima. Ndinayang'ana mzere wotsatira, n'kuyesa kuudumpha.

"Mwadumpha, bambo," anatero Tereza, amene anali ataimirira pambali panga akusuzumira.

Ndinabwerera. Cholemberacho, linatero buku, chinali chouma inki.

Mwana wina anathamanga n'kudzasolola changa m'thumba, n'kuchiyesa pa chikhatho chake, n'kuonetsa anthu chikhatho choyera. Bwalo lonse linaphulika. Amayi anagwa pa nandolo. Mayi Asiyatu anagwira m'mimba. Koma amene anaseka kuposa onse ndi malume, anaseka mpaka kutsokomola, kiyi akuvina pachifuwa.

"Pitirizani, aphunzitsi," anatero akupukuta m'maso. "Ngati kuti mlembiyo anakhalapo nanu nyumba imodzi."

Ndinapitiriza, nanga n'kutani? Ndinawerenga mmene a Gwedeza anadindira chala papepala limene sanaliwerenge, n'kupezeka kuti apereka mbuzi zawo zonse kwa wapampando. Ndinawerenga mmene Ndaziona anamasulira mbuzi yake pa tsiku la chisankho, mbuziyo n'kununkhiza chimanga, n'kukaluma mkono wa jekete ya Bambo Chimtengo mpaka njere zinakhuthukira pansi anthu akuona. Ana anadumphadumpha. Ndipo ndikuuzeni chodabwitsa: pamene anthu ankandiseka, ine mtima unkatsika pansi. Kuseka konse kumene kunali pa malume kunali kutasamukira pa ine, ndipo ndinakusenza mokondwa ngati thumba la chimanga changa chomwe.

Nthawi yovota itakwana, malume anaimirira. Sananene kuti udindo saufuna. Anangomasula mabatani, n'kuvula jekete, n'kuipereka kwa Mayi Asiyatu.

"Papasani, mayi. Kuno tilibe mbuzi yoti itithandize."

Kanali koyamba m'mudzimo kuona malume opanda jekete. Malaya awo kumsana anali ndi chigamba chachikulu cha chitenje cha maluwa. Palibe anaseka mokweza. Mayi Asiyatu anapapasa mikono yonse iwiri, poti ndi munthu wosachita zinthu mwamwambo chabe, n'kuibweza ndi manja awiri. Asanakhale pansi ananena kuti aliyense amene apambane, mbewu izigawidwa pabwalo, anthu onse akuona. Malume anayang'ana gulu, anayang'ana buku limene linali m'manja mwanga, n'kuvomera.

Malume anapambana ndi njere ziwiri zokha. Imodzi ndikudziwa kuti inali yanga. Lusiya sanandiuze kumene anaponya yake, ndipo ndaphunzira kusafunsa.

Pobwerera malume anandiitana kuti ndiwanyamulire jekete, poti anati kunja kukutentha (atazindikira patatha zaka zonsezi). Tinayenda mpaka pamphambano ya kudimba.

"Nthochi zija zakhwima?" anafunsa.

"Mkoko umodzi, malume."

"Mubweretse mawa. Ndipo mumuuze Saide asiye kuyendayenda m'dimba la eni."

La eni. Mawu amenewo ndinawabwereza njira yonse. Nditafika kudimba ndinakhala pansi pa nthochi, ndipo ndinapuma mpweya umene ndinausunga kuyambira Loweruka lija la mutu wachisanu. Tambala wa Mayi Asiyatu tinamudya Lamulungu, ntchafu imodzi n'kutumiza kwa malume.

Dzina la aphunzitsi linatha. Lero kuyambira ku Ngauma mpaka pamsika wa Mandimba ndine a Gwedeza, ndipo ana akandiona amafunsa ngati cholembera chayamba kulemba. Ndinagula chatsopano, koma palibe amene amafuna kuchiyesa. Sindidandaula. Dzina silithirira matimati.

Bukulo ndikuliyamikirabe, ndipo tsopano ndi mtima wonse. Ngati muli ndi ana, ndipo mwapeza kabuku kofufuma ka kamtsikana kokoka mbuzi pafupi ndi nkhokwe, gulani. Ana adzaphunziramo za munda, ndiponso adzaphunzira kuyang'ana m'mikono ya jekete. Lathu likuyenda khomo ndi khomo, lafika mpaka kwa achibale a Lusiya ku Lúrio.

Pali kanthu kamodzi kokha. Tsamba lomaliza linamatirira kuchikuto cha kumbuyo, ndipo tsiku lija nditayesa ndi mpeni linayamba kunyotsoka, ndiye tinalekera pamene njere zinakhuthukira pansi. Zimene zinawachitikira Bambo Chimtengo pambuyo pake, palibe akuzidziwa.

Sabata yatha mphunzitsi weniweni wa pasukulu ya Tereza anandiimitsa pamsewu, akufuna kubwereka bukulo kuti akawerengere ana ake.

"Ndamva kuti ndi labwino," anatero. "Limatha bwanji?"

Ndinamva dzanja langa likukwera lokha kupita kumutu. Ndinalibweza msanga, n'kuliika m'thumba.

"Limatha bwino kwambiri," ndinatero.